Nsanza za Pamwamba pa Minazi

"Ndani wang'amba nsalu ya bambo anga?"

Nyevu anafunsa atagwada pa sutikesi ya malemu, nsaluyo ili tambasu m'manja. Inali nsalu ya mizere yofiira imene a Thoya ankavala m'chiuno pa maukwati pokha, ndipo ananeneratu kalekale kuti adzaikidwe nayo. Mbali imodzi inali itang'ambidwa kuchokera kumwamba mpaka pansi, kachidutswa kotambalala ngati zala ziwiri. Amayi amene anali m'nyumbamo anangoyang'anana.

"Iwe Nyevu, nsalu ndi nsalu," anatero a Mramba, mkulu wake wa malemu, ataima pakhomo atatsamira ndodo. "Galimoto ikudikira, ndipo kumtunda n'kutali. Bweretsa kuno timukulunge m'bale wanga."

"M'bale wanu? Lero ndiye wakhala m'bale wanu, bambo aakulu? Malo mwamulanda, manda mwamumana, ndiye ndi nsalu yomwe apite ndi yong'ambika?"

"Pamaliro pano, mwana iwe. Tseka pakamwa."

Anatseka, koma mtima unali phuu.

Mlandu wake unali wakale. A Thoya anali munthu wa m'mwamba, wotunga uchema. Pa malo a bambo awo, m'mudzi wa Mwembeni pafupi ndi gombe, anabzala ndi manja awo minazi makumi anayi ndi itatu, mitengo ya kokonati ija imene kwathu kuno ndiyo ng'ombe za osauka. Tsiku limene anabwera olemba malo, a Thoya anali pamwamba pa mnazi. A Mramba, amene chigwereni mumtengo ali mnyamata sanakwerenso, anali pansi. Dzina limene linalowa pa chikalata ndi la amene anali pansi.

Kwa zaka zambiri chikalatacho chinali pepala chabe, chodyedwa ndi mphemvu m'sutikesi. Koma msewu wa tala utafika, anthu a ku Nairobi anatulukira kuti nyanja yathu ndi yokongola, ngati kuti ifeyo sitinkaiona. Anayamba kugula gombe pang'onopang'ono n'kumanga nyumba zoyera za mipanda yaitali, zimene zimakhala zotseka miyezi khumi pa chaka. Amene anagulitsa anagula njinga zamoto, njingazo zinatha, lero akuchita lendi kuseri kwa msika. A Mramba nawo anapeza wogula. Ndiye chifukwa chake mtembo wa a Thoya unakwezedwa pa lole kupita kumtunda kwa makolo, ku dothi lofiira kumene mnazi sumera n'komwe. Wogula sangafune manda pamene akuganiza zokumbapo dziwe losambira.

Nyevu ankachapa zofunda m'nyumba zoyerazo. Ankakhala m'chipinda chimodzi ku Kilifi ndi ana ake awiri, ndipo mwini nyumba anali atamuuza kale kuti mwezi ukatha atuluke, chifukwa zipindazo akufuna kuzipaka utoto azigoneka alendo. Kwina kulikonse kumene anafunsa, lendi yake inali yoposa malipiro ake. Nyumba ya bambo ake, ya makoma a dothi ndi denga la masamba a mnazi, ndiyo inali malo okhawo pa dziko lapansi amene akanagonekamo anawo. Malowo akagulitsidwa, nyumbayo ndiyo inali yoyamba kugwetsedwa.

Chinanso chinkamudya mumtima. Ulendo womaliza umene anaonana ndi bambo ake, miyezi itatu m'mbuyomo, anawalalatira.

"Bambo, ndinu munthu wanji inu? Akukugulitsani muli moyo, inu mwangoti phee! Pitani kukhoti, pitani kwa akuluakulu, kapena ingotengani ndodo yawo yomwe ija muwathyole bambo aakuluwo mwendo winawo!"

A Thoya anapitiriza kunola mpeni wawo pa mwala. Atakweza mutu anangoti, "Ulibe kansalu kakale koti undipatseko, mwana wanga?"

Nyevu anavula duku lachikasu limene anali nalo kumutu n'kuwaponyera pamiyendo. "Tengani, muzipukutira misozi, poti ndi zomwe mumatha."

Sanabwerenso. Anangomva kuti bambo akewo, amene anasiya kukwera zaka zisanu zapitazo chifukwa cha chifuwa, ayambiranso, mtengo umodzi kapena iwiri pa tsiku, osatsika ndi uchema ngakhale dontho. Tsiku lina anatsika bwinobwino, nakhala patsinde kuti apume, osadzukanso.

Atabwerako kumtunda, masiku asanu ndi awiri a maliro Nyevu anakhala pa mkeka ndi amayi anzake, maso ali pa a Mramba. Anawaona akudya chiwindi cha mbuzi ya maliro, mafuta akutsikira m'chigongono. Anawaona akupita kuseri kwa khola kukayankha foni, n'kubwerako akumwetulira, kenaka n'kukumbukira kuti ali pamaliro. Akatopa kuwayang'ana ankayang'ana kumwamba, ndipo ndi pamene anaona nsanza. Pansi pa masamba a mnazi uliwonse pankakupiza kansanza, kena koyera, kena kobiriwira.

"Zija n'chiyani?" anafunsa mkazi wa a Mramba.

"Bambo akotu amenewo. Mutu unali utayamba kusokonekera. Mwina ankaopseza akhwangwala."

Tsiku lachisanu la malirowo a Mramba anamuitanira pansi pa mtengo wa mango, mawu atawapaka uchi.

"Nyevu mwana wanga, tisakokane. Maliro akangotha, m'mawa mwake akubwera a Gitonga, amene akuimira wogula, kudzasainitsa. Mwambo ndikuudziwa. Nthaka ndi ya wachikalata, mtengo ndi wa amene anaubzala, ndipo akamwalira ndi wa mwana wake. Ndiye ndikupatsako kangachepe ka minaziyi, ukapeze kachipinda kwina."

"Kodi minaziyo akuifuna? Ndimayesa adula."

"Adule? Iwe! Bwanayo anangoona zithunzi za minazi basi, mtima dyoko. Akuti alendo amakonda kugona pa mthunzi wake. Mtengo wa malo ano wakwera kawiri chifukwa cha iyoyi. Popanda minazi pano ndi pamchenga chabe."

Nyevu anawayang'ana kwa kanthawi, kenaka anamwetulira koyamba chimwalirireni bambo ake.

"Ndamva, bambo aakulu. Ndiganizire."

M'mawa mwake anakwera basi kupita ku Kilifi, ati kukaona ana. Anawaonadi, koma anadutsiranso kwa Fondo, bambo wocheka matabwa amene anali ndi macheka a injini. Ngati nyumbayo ikupita, ipite, koma a Mramba asaone ndalama imene ankaiwerengera. Minazi imeneyo ndiyo inali cholowa chake chonse, ndipo anali wokonzeka kuigwetsa yonse kuti angoona nkhope ya mkuluyo. Munthu akapsa mtima saona kuti moto wayambira pa chitenje chake.

Tsiku lachisanu ndi chitatu, dzuwa litangotuluka m'nyanja, Fondo anafika pa njinga yamoto, macheka atamangirira kumbuyo. Anayang'ana mnazi woyamba, wa m'mbali mwa njira, wolemera ndi kokonati, n'kukanda m'mutu.

"Mayi, wobereka chonchi sitidula. Ndi tsoka."

"Ndakuitanira kudula kapena kulalikira? Mitengo ndi yanga. Yamba."

Injini inalira mudzi wonse n'kumva. Utuchi unayamba kuwaza ngati mvula. A Mramba anatuluka m'nyumba ndi vesiti yokha, akudumpha ndi mwendo umodzi, ndodo itatsalira pakhomo.

"Leka! Leka iwe! Nyevu, wapenga?"

"Ndaganizira, bambo aakulu. Munati ndiganizire."

"Galimoto ili m'njira! Undiphera malonda!"

"Si mwanena nokha kuti mtengo ndi wa mwana wa wobzala? Ndikudula yanga. Inu gulitsani mchenga wanuwo, muuyeze ndi chitini ngati mukufuna."

A Mramba anagwira mkono wa Fondo, Fondo anawakankha ndi chigongono, ndipo mnaziwo unapendama, unalira, n'kugwa khuu! Kokonati anabalalika mpaka mumsewu. Tisanamizane, Nyevu anamva kukoma. Mtima umene unali utauma masiku asanu ndi awiri unamwa madzi.

"Wachiwiri," anauza Fondo.

Koma Fondo asanasunthe, kunamveka mfuu kuchokera njira ya kumsika. Anali mayi Kanze, wamasiye wokazinga nsomba, mayi wapakamwa pakuthwa amene ngakhale asodzi oledzera amamupatsa njira. Anabwera akuthamanga, chipande chokazingira chili m'manja, mafuta akudontha.

"Mwana wopanda makutu iwe! Wopanda manyazi! Wandidulira mnazi wanga!"

"Wanu? Mayi Kanze, mnaziwu anabzala ndi bambo anga."

"Ndikudziwa amene anabzala, ndinalipo iwe usanamere mano!" Anapita kunsonga kwa mtengo wogwawo, nafufuza m'masamba, n'kukoka kansanza kobiriwira. Kenaka anatukula mbali ya chitenje chimene anavala. Chinali chobiriwira, chong'ambika m'mphepete. Anagunditsa ziwirizo pamaso pa Nyevu. "Ona! Bambo ako anandipatsa mnazi umenewu, pamaso pa mboni zitatu. Anathyola kokonati n'kundiika m'manja, ine n'kuwang'ambira chitenjechi, iwo n'kukwera kukamanga. Ndinkati ndikakalamba ndidzadyere pamenepa. Ndiye iwe wabwera ndi chigwenembe chakochi!"



Phokoso la injini linali litafika kutali. Anthu anayamba kutulukira, asodzi ndi maukonde paphewa, amayi ndi mitsuko, mphunzitsi wa pasukulu, mlonda wa ku nyumba zoyera akadali ndi yunifolomu, ena amene anagulitsa malo awo kalekale n'kukakhala kuseri kwa msika. Palibe amene anafunsa kanthu. Aliyense anayang'ana kumwamba, napeza nsanza yake, n'kukaima patsinde pa mtengo wake atautsamira.

"Bambo ako anatiuza kuti tikhale chete mpaka tidzaone galimoto ya wogula," anatero mayi Kanze. "Tsiku limenelo aliyense adzaime pa wake."

"Nanga ine mwana wawo osandiuza bwanji?"

"Iweyo? Anati, 'Nyevu wanga mtima ndi wabwino, koma pakamwa palibe chitseko. Ndikamuuza m'mawa, masana akhala atawatukwana nazo a Mramba.' Ananama?"

Wina anaseka kuseri kwa mtengo. Nyevu anadziwa kuti bambo ake sananame.

Galimoto yakuda inafika nthawi yomweyo. Munatuluka a Gitonga, bambo wa nsapato zoyera, chikwama cha mapepala m'khwapa. Anayang'ana mtengo wogwa, anayang'ana a Mramba ndi vesiti yawo, kenaka anayang'ana anthu aja, mtengo uliwonse ndi munthu wake ngati asilikali.

"A Mramba, maliro sanathe?"

"Atha, bwana, atha. Awa ndi anansi chabe. Tiyeni m'nyumba, tikakambirane."

"Anansi ndi amako," anatero mayi Kanze, akuloza ndi chipande. "Ife ndi eni minazi. Bwana, mchengawu gulani, ndi wa mkuluyu. Koma mnazi uwo ndi wa Ngumbao, uwo ndi wa aphunzitsi, uwo ndi wa Dhahabu. Mukamanga mpanda musiye zipata zambiri, chifukwa tizibwera kudzathyola. Ngumbao amatunga uchema mbandakucha, ndipo amaimba akakwera. Alendo anu asadzadandaule."

"Ndimaimba moipa, bwana," anatero Ngumbao, msodzi wamtali, atakumbatira mtengo wake.

A Gitonga anatembenukira kwa a Mramba. "Munandiuza kuti mwini mitengo ndi mmodzi, mkazi wosavuta."

"Tiwagula, bwana! Mmodzimmodzi, ndi anthu anjala awa, tiwagula!"

"Wanga sindigulitsa," anatero mlonda uja. "Ndinagulitsapo kamodzi. Lero ndimalondera chipata pamene panali khitchini ya mayi anga."

A Gitonga anaika chikwama chawo m'galimoto. "Eni mitengo makumi anayi ndi milandu makumi anayi. Bwana wanga akufuna nyumba, osati makhoti. Gombe ndi lalitali, a Mramba, ogulitsa ndi ambiri."

"Bwana, dikirani! Titsitsa mtengo! Bwana!"

Anaithamangira galimotoyo ndi mwendo wawo umodzi, akugwira chitseko, mpaka inawasiya m'fumbi. Anaima pakati pa msewu manja lende, kenaka anabwerera pang'onopang'ono n'kukhala pansi pa mchenga, pafupi ndi khomo lawo. Nyevu anapita kukaima patsogolo pawo. Anali atadikira nthawi imeneyi miyezi yambiri, ndipo sanafune kuti impite.

"Bambo aakulu, munkati bambo anga ndi chitsiru chifukwa ankakhala m'mwamba pamene anzeru akulembetsa mayina pansi. Lero mwawaona? Mwawaika kumtunda kuti asakusokonezeni, koma akusokonezani ali komweko. Chikalata chija chisungeni bwino, mphemvu zili ndi njala."

A Mramba sanakweze mutu. Nyevu anadikira kuti ayankhe, kuti awonjezere zina zimene anali atakonza, koma sanayankhe.

"Watha?" anatero mayi Kanze kumbuyo kwake. "Tsopano za mnazi wanga."

Nyevu anatembenuka, manyazi atamugwira. "Pepani, mayi. Ndinalakwa. Ngati ine anandisiyira wina, tengani umenewo."

"Yang'ana pamwamba pa nyumba."

Mnazi wautali kuposa yonse unaima mogundana ndi khoma la nyumba ya a Thoya, mizu yake italowa pansi pa khonde. Munthu sakanagwetsa nyumbayo osauvulaza, ndipo sakanauvulaza osapalamula mlandu. Kumwamba kwenikweni, kumene mphepo ya kunyanja imawomba mwamphamvu, kunkakupiza kansalu kachikasu. Nyevu analizindikira duku lake.

"Ndi umene anamalizira," anatero mayi Kanze, mawu atatsika pang'ono. "Anatsika pamenepo n'kukhala pansi. Wakowo sindikuufuna, ukandipatsa ana ako agona kuti? Ubzale wina pamene wagwetsapa. Uziuthirira wekha, madzi a pamutu, mpaka udzabereke. Zaka zisanu ndi ziwiri. Mwina pofika pamenepo udzakhala utaphunzira kufunsa usanadule."

Nyevu anavomera ndi mutu, misozi ikutsika osaipukuta. Koma misozi sizimitsa mkwiyo, nthawi zina imauthira mafuta. Bambo ake anafera kukwera mitengo imeneyi ndi chifuwa chawo chija, chifukwa cha munthu amene wakhala apoyo. Anayang'ana m'mundamo. Mtengo uliwonse unali ndi munthu, kupatula umodzi. Unali mnazi waufupi, wa mtundu uja wobereka usanatalike, umene unaima pafupi ndi khomo la a Mramba. Ndi pamene mkuluyo ankathyola kokonati wa mumpunga wake tsiku ndi tsiku.

"Fondo! Uwo ulibe mwini, ndiye kuti ndi wanga. Dula umenewo basi, uzipita."

"Mayi, sizinakwane?"

"Dula. Akafuna kokonati azikagula kumsika ngati anthu ena onse amene anataya pokhala."

Fondo anapukusa mutu, nanyamula macheka. A Mramba anangotsatira ndi maso. Fondo anakoka chingwe, injini inalira, anawerama patsinde n'kuyang'ana kumwamba kuti aone kumene ugwere. Kenaka anazimitsa.

"Mayi, nawonso uli ndi nsanza."

Nyevu anapita yekha. Sanafunike kukwera, anangonyanyamphira n'kupatula masamba. Kuseri kwa kokonati, pobisika, panali kachidutswa ka nsalu kotambalala ngati zala ziwiri, ka mizere yofiira.

"Ndi wa a Mramba umenewo," anatero mayi Kanze. "Ine ndinali mboni, ndipo ndinawakalipira. Ndinati munthu wakugulitsani, inu mukumupatsa mtengo? Iwo anati, 'Umenewu ndinamubzalira iyeyo kalekale, kuti azithyola ataima pansi. Ndi mwendo uja angakwere uti?' Nsalu sakanawapempha, akanadziwa zonse. Ndiye anang'amba yawo."

A Mramba anadzuka movutikira, atagwira khoma, nabwera mpaka patsinde. Anayang'ana kansanzako nthawi yaitali.

Nyevu sanawakhululukire tsiku limenelo, ndipo sanayerekeze n'komwe. Sanawayang'ane kumaso. Koma mfundo ya kansaluko inali itayamba kumasuka ndi mphepo. Anaigwira, naikoka, n'kuimanganso kawiri, mmene bambo ake ankamangira chingwe cha chikho cha uchema kuti chisagwe. Kenaka anabwezeretsa masambawo m'malo mwake, napita kukatola kokonati wa mayi Kanze amene anabalalika mumsewu.